Kampando ka Hawa pa Msewu wa ku Tete

Uthenga unatipeza Lachiwiri masana. Apongozi anga aamuna ku Balaka matenda anali atawakulira, ndipo ankapempha kuti aone mdzukulu wawo maso akadali otsegula. Mdzukuluyo ndi mwana wanga Hawa, amene nthawi imeneyo anali ndi miyezi khumi ndi umodzi. Madalawo anabwerera kumudzi atapuma ntchito kuno ku Harare, n'kusiya akazi awo, a Abiti Saidi, ku Mbare kuti azisunga nyumba ndi tebulo lawo la pamsika. Hawa madalawo ankangomuonera pafoni.

Mwamuna wanga Idrisa amawotcherera zitsulo ku Willowvale. Anapempha tchuthi koma anamuuza kuti adikire mwezi uthe. Choncho tinagwirizana kuti nditsogole ine ndi mwana, pamodzi ndi apongozi aakazi, pa galimoto ya akulu ake a Idrisa, alamu anga a Yusufu. Galimotoyo ndi yaing'ono, ya ku Japan, ndipo masiku onse amanyamulira anthu m'tauni, zimene kuno timati mushikashika.

Ndiyambe ndanena za kampandoko, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Ine ndimakhala ku Hatcliffe ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Borrowdale. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse ndinkamanga ana awiri a abwana anga m'mipando yawo ya m'galimoto popita kusukulu. Anawo atakula, ine n'kukhala woyembekezera, mayiwo anandipatsa mpando umodzi ndipo anakhala nane pansi kundiphunzitsa bwinobwino. Khanda limakhala kumpando wakumbuyo, nkhope italozanso kumbuyo. Lamba wa galimoto amadutsa m'timipata ta kampandoko n'kukokedwa mpaka kasagwedere. Tizingwe ta pachifuwa timathina moti ukatitsina ndi zala tisapindike. Ndipo galimoto ikuyenda, mwana satulutsidwamo ayi. Akalira, mumaimika galimoto. Ife tilibe galimoto, ndiye kampandoko kankangokhala pamwamba pa wodilopu, kudikira ulendo ngati umenewu.

Lachinayi kutangocha a Yusufu anafika pageti, hutala ili pi pi pi ngati akuitanira anthu parenki. Nditatuluka, chikwama kumanja, kampando kumanzere, mwana kumsana, anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"Alamu, kodi mukusamuka? Chimenecho n'cha chiyani?"

"Ndi mokhala Hawa."

"Hawa ali ndi amake. Miyendo yanu yapita kuti? Chinthuchi chikudya malo a munthu wamkulu wathunthu. Za ku Borrowdale muzizisiya ku Borrowdale komweko."

Idrisa anali pomwepo, atavala kale ovolosi. Ndinamuyang'ana kuti alankhule. Anangokanda m'mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, asiyeni akwere nacho." Mawu ake anathera pamenepo. Anapsompsona mwana n'kuthamangira kombi, minibasi ya kuno. Kampandoko ndinakamanga ndekha pakati pa mpando wakumbuyo, bondo lili pamwamba pake kuti lamba athine, a Yusufu atapinda manja, akuimba likhweru. Mkwiyo wanga unayambira pageti pomwepo, matayala asanagudubuke n'komwe.

Ku Mbare tinapeza apongozi atakhala panja, pambali pa mulu wa katundu: shuga, mafuta ophikira, mabulangete awiri, ndowa yodzaza sopo, ndi wailesi yakale ya madala. Buti inadzaza, zina n'kutsala. Apongozi anasuzumira pawindo kuti apatse moni mdzukulu wawo, ndipo anagwira pakamwa.

"Amake Hawa, mwanayu walakwanji? Mwam'manga ngati nkhuku yopita kumsika."

"Ndi mmene amakhalira, amayi. Galimoto ikaima mwadzidzidzi sauluka."

"Nanga bwanji akuyang'ana kumene tikuchokera? Chotsani chimenechi tiikepo ndowayi. Mwana mum'fungate ngati mayi."

Ndinati ndowayo ndiinyamula ine pamiyendo. Ndipo ndinainyamuladi, fungo la sopo likundilowa m'mphuno mpaka mutu kuyamba kuwawa. Mabulangete ndi wailesi tinaika mbali inayo. Apongozi anakhala kutsogolo. Ndinawapempha mwaulemu kuti amange lamba, koma anati amawathina pamtima. A Yusufu nawo lamba wawo anali atamudutsitsa kumsana n'kumutseka, kuti kabelu ka m'galimoto kasamalire. Ndinafuna kulankhula koma ndinameza. Ndine mkazi wa mng'ono m'banjamo, ndipo ndinali nditatsutsa kale kawiri dzuwa lisanakwere.

Tinachedwa kutuluka m'tauni chifukwa tayala lina linkafunika mpweya, ndipo malo awiri oyamba pampu yawo inali yakufa. Titalowa msewu wa ku Mutoko Hawa anagona, kamwa lili yasa, timanja tili pa tizingwe take. Tinadutsa mphambano ya ku Murewa popanda wolankhula. Ndinayamba kuganiza kuti mwina nkhani ija yatha.

Pa Mutoko tinaima kuti timwe tiyi. A Yusufu anazimiririka pang'ono, n'kubwera ndi mayi wina wonenepa, wonyamula zikwama ziwiri zikuluzikulu zija za mizeremizere. Dzina lawo linali Mai Tendai, a geni, ndipo ankapita ku Tete kukaoda zovala za kaunjika. Anali atagwirizana kale madola makumi awiri.

"Alamu, tsopano ndiye chotsani chimpando chanucho. Mayiwa ali ndi katundu."

"Katunduyo akwere padenga."

"Padenga palibe pomangira."

"Ndiye akwere galimoto ina."

A Yusufu anatembenukira kwa mayi aja n'kuyamba kuwafotokozera m'Chishona, mokweza dala kuti ndimve, kuti mlamu wawo amagwira ntchito kwa anthu a ndalama, ndiye akuona ngati nayenso wabereka mwana wa bwana. Azimayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anaseka. Nkhope yanga inatentha. Ndinatsitsa windo lonse.

"Alamu, ana a eni ndawamanga zaka zisanu ndi chimodzi kuti asavulale. Wangayu ndiye wotchipa?"

Apongozi anangoti, "Ayi, tisakangane pamsewu, anthu akutiona." Mapeto ake chikwama chimodzi chinalowa kumapazi kwa apongozi, china Mai Tendai anachikumbatira, mabulangete tinawakhalira, wailesi inabwera kumapazi kwanga. Kampando sikanasunthe. Tinanyamuka titapanikizana, Hawa ali pakati pa ine ndi Mai Tendai, akuseweretsa zibangili zawo.

Tinafika pa Nyamapanda dzuwa lili pamutu. Amene sanaimepo paboda imeneyi mwezi wa Okutobala sadziwa kutentha. Phula linkamata kunsapato. Kutsogolo kwathu kunali mabasi atatu amene anangotsitsa anthu nthawi imodzi, moti mzere unatuluka panja n'kukhota. Komabe za mapasipoti tinamaliza pasanathe maola awiri. Chimene chinatichedwetsa pamenepo ndi a Yusufu. Atafika pawindo la za magalimoto, anapeza kuti pepala limodzi la galimoto analisiya kunyumba kwawo ku Warren Park, m'thumba la jekete. Munthu amene anakhala m'mawa wonse akuseka kampando kanga anaiwala pepala lodutsira boda.

Anayamba kuimbira akazi awo. Foni inali yozima. Anaimbira oyandikana nawo nyumba, iwo anali m'tauni. Patapita ola, mayiwo anapezeka kumsika, anakwera kombi kubwerera kunyumba, anajambula pepalalo, chithunzi chinafika chosaoneka bwino, anajambulanso. Kenako kunali kufunafuna malo osindikizira. Ife tinakhala pansi pa mthunzi wa thiraki ina, pa chitenje, tikudya mazira owiritsa ndi mabanzi ouma. Anyamata osintha ndalama ankatizungulira ngati ntchentche. Madzi amene ndinatenga ku Hatcliffe anali atafunda ngati osamba, ndipo ndinkangonyowetsa kansalu n'kumapukuta Hawa m'khosi momwe munayamba kutuluka tinsungu.

Ndinene zoona za apongozi anga, kuti wina asaganize kuti ndi munthu woipa mtima. Maola onse aja ndi iwo amene anabereka Hawa kumsana, akuyenda uku ndi uku pa dzuwa lija, akumuimbira nyimbo za Chiyao mpaka mawu kusasa. Anamugulira nthochi n'kumudyetsa ndi chala. Mwanayu amam'konda kuposa mmene amadzikondera eni ake. Izi zimandipweteka kwambiri ndikamakumbukira zimene zinatsatira.

Tili pamenepo panadutsa galimoto ina yopita ku Mozambiki, bambo akuyendetsa atakhazika kamwana pamiyendo, timanja take tili pa chiwongolero, amake akujambula pafoni akuseka. Apongozi anandikodola.

"Mwaona? Anzanu ana awo akusangalala."

Ndinayang'ana kumbali.

Tinawoloka kupita ku Cuchamano dzuwa litapendeka kale. A Yusufu anali atapsa mtima ngati pepala lija ndinalibisa ine. Anati tiyenera kufika pa Zobue chipata chisanatsekedwe, apo ayi tigona panja. Kampando kanali katatentha, moti ndinayamba ndakafunditsa chitenje chonyowa kuti kazizire ndisanaikemo mwana. Hawa anali atatopa, ndipo atangomva tizingwe pachifuwa anayamba kulira. Analira kilomita yoyamba, yachisanu, yakhumi.

"Alamu, taimani pang'ono ndimuyamwitse."

"Ndiime? Maola onse aja mumatani? M'tulutseni muyamwitse tikuyenda."

"Sindim'tulutsa galimoto ikuyenda."

"Ndiye alire."

Apongozi anatembenuka. "Amake Hawa, mtima wanu ndi wotani? Mwana akulira chotere inu muli duu?"

Akanadziwa mmene mtima wanga unalili! Mkaka unali ukutuluka wokha, bulauzi itanyowa. Ndinamupatsa madzi a m'kabotolo, ndinayandikitsa nkhope yanga pa nkhope yake, ndinamuimbira, ndinamusisita kuphazi. Pang'onopang'ono kulira kunasanduka kusisima, maso anayamba kulemera, mpaka anagona. Ndinatsamiritsa mutu pawindo kuti ndipume pang'ono chabe. Ndinali nditadzuka tambala woyamba, nditakhala padzuwa tsiku lonse. Tulo tinanditenga.

Sindikudziwa kuti ndinagona nthawi yaitali bwanji. Chimene chinandidzutsa ndi kuseka kwa Hawa, koma kunkachokera kolakwika. Ndinagwira pambali panga. Kampando kanali kopanda munthu, tizingwe tili lende uku ndi uku. Hawa anali kutsogolo, ataimirira pamiyendo ya agogo ake, akumenya dashibodi ndi timanja.

"Wam'tulutsa ndani mwanayu?"

Mai Tendai anayang'ana pansi. "Anadzuka akulira, sisi. Gogo anati ndim'masule ndiwapatse, inu mupume."

"Amayi, ndipatseni mwana. Alamu, imani!"

"Taonani mmene akusekera," anatero apongozi. "Ndam'gwira bwinobwino. Gonani inu."

"Ndati imani!"

"Ndidutse kaye thirakiyi," anatero a Yusufu. "Ndakhala kumbuyo kwake theka la ola."

Tinali titamatirira kumbuyo kwa thiraki ya makala, ndipo iwo ankangosuzumira kumanja kufuna mpata. Ndinayamba kukankha ndowa kuti nditambasule manja ndim'tenge mwana ndekha. Nthawi yomweyo magetsi ofiira a thiraki ija anayaka. Ng'ombe zinali zikuwoloka msewu kutsogolo kwake. A Yusufu anaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse.

Sitinagunde kanthu. Izi ndimafuna kuti aliyense amene ndimamuuza nkhaniyi azimvetse. Sitinagunde thiraki, sitinagunde ng'ombe, galimoto sinakalike ndi pang'ono pomwe. Tinangoima. Lamba anandigwira pachifuwa ngati ndamenyedwa ndi mtengo, ndowa inauluka, sopo anamwazika paliponse, Mai Tendai anakamenyetsa chikwama chawo kumpando wa dalaivala. Ndipo apongozi anga, amene analibe lamba, anapita kutsogolo ndi thupi lawo lonse, Hawa ali pakati pa iwo ndi dashibodi.

Kenako kunali zii. Injini inali itazima. Ndinkamva ng'ombe zikulira, ndi munthu wina akuzikalipira. Mwana wanga sankamveka.

Sindikukumbuka mmene ndinatulukira. Ndinangozindikira ndili panja, ndatsegula chitseko cha kutsogolo, ndikukoka apongozi paphewa kuti abwerere m'mbuyo. Hawa anali kumapazi kwawo, pamwamba pa chikwama chija, maso ali tong'o, kamwa lili lotsegula koma mosatuluka mawu. Magazi ankatsika kuchokera pamwamba pa diso lamanzere kulowa m'khutu. Ndinamunyamula. Anakoka mpweya kamodzi, kautali, kenako anakuwa. Sindinamvepo kulira kotero, ndipo sindinathokozepo Mulungu chifukwa cha kulira ngati tsiku limenelo. Dzanja lake lamanja linkandikanda pakhosi. Lamanzere linangoti lende.

A Yusufu anatuluka n'kuzungulira kutsogolo kukayang'ana bampala.

Bampala! Ulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa kwathu unathera pamsewu umenewo. Ndinawatchula dzina lawo lenileni, popanda ulamu, popanda chilichonse. Ndinawauza kuti kuyambira ku Hatcliffe akhala akundiseka, andichititsa manyazi pamaso pa anthu a tomato, andikaniza kuyamwitsa mwana wanga, ndiye tsopano ayang'ane. Ndinawayandikizira mwanayo pankhope, magazi akudontha pa shati yawo. Ayang'ane! Dalaivala wa thiraki uja anali atatsika, abusa a ng'ombe atasonkhana, ine osasamala. Apongozi anali chikhalire pampando, mlomo utang'ambika, akuyang'ana manja awo. Kwa iwo sindinanene kanthu, chifukwa ndikanatsegula pakamwa sindikudziwa chimene chikanatuluka.

Dalaivala wa thiraki ndiye anatiuza kuti pa Changara pali chipatala chaching'ono, ndipo sipatali. Ndinang'amba chitenje, ndinapinda kansalu n'kukanikiza pabala. Manja anga ankafuna kum'kumbatira mwanayo osam'siyanso, koma galimoto inali yomweyo, dalaivala yemweyo, msewu womwewo. Ndinamuika m'kampando kake akukuwa, ndinadutsitsa kachingwe mosamala paphewa lopwetekalo, ndinatseka. Misozi yanga inkagwera pamwendo pake.

"Amangeni lamba amayi anu," ndinawauza a Yusufu. "Nanunso mumange. Ndipo muyendetse ngati munthu."

Anawamanga.

Pa Changara tinapeza namwino wachikulire amene ankalankhula Chinyungwe, chimene chimamveka ndithu kwa munthu wodziwa Chichewa. Pamene tinkasemphana, Mai Tendai ankathandiza ndi Chipwitikizi chawo cha pamsika. Anamusoka Hawa katatu pamwamba pa diso, ine nditamugwira miyendo, iye akundiyang'ana ngati ndine ndikumubaya. Namwinoyo atagwira paphewa, mwana anakuwa kwambiri, ndipo anati tipite ku Tete akamuunike mafupa ndi mutu. Anatiperekeza mpaka pagalimoto. Ataona kampando kaja anaima.

"Kampando muli nako?"

"Tili nako."

"Nanga mwanayu anali pati?"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, anapukusa mutu n'kubwerera mkati. Manyazi amenewo anagwera ine, mayi wake, ngakhale kuti ndinali nditamenyera kampandoko tsiku lonse.

Ku Tete tinafika kukuda. Atamuunika anapeza kuti kafupa ka pakati pa khosi ndi phewa kathyoka. Adokotala anati mwa ana kafupa kameneka kamalumikizana kokha, anam'manga kadzanja pachifuwa, koma anati tigone komweko kuti aone ngati sasanza kapena kukomoka chifukwa cha mutu. Anafunsa ngati mwanayo anagwa kuchokera pamwamba. Nditafotokoza, anati kafupako mwina sikanathyoke ndi dashibodi yokha, koma ndi kulemera kwa munthu amene anam'panikiza kumbuyo. Apongozi anali ataima pakhomo. Sindikudziwa ngati anamva, koma anatuluka.

Kutacha Hawa anayamwa bwino, sanasanze. Mai Tendai anabwera ndi buledi ndi tiyi wa m'botolo. Anagwada pambali pa bedi, mayi wamkulu ngati amene uja, n'kunena kuti nawonso ali ndi adzukulu ndipo sankadziwa. Ndinalandira bulediyo. Ananyamula zikwama zawo n'kupita kumsika, ndipo sindinawaonenso.

Kenako ndinaimbira Idrisa. Ndinamufotokozera zonse. Nditamaliza anapuma mozama.

"Bola ali moyo. Koma amake Hawa, chonde musawakalipire amayi. Mukudziwa kuti ndi achikulire. Ndi achimwene ndilankhula nawo ndekha."

"Mulankhula nawo? Ngati mmene munalankhulira pageti paja?"

"Nanga ndikanatani? Galimoto ndi yawo."

"Mwana ndi wa ndani?"

Ndinapitiriza osadikira yankho.

"Mukanangonena mawu amodzi okha ngati bambo wake, kuti mwanayu asatulutsidwe m'kampandomu, amayi anu akanakumverani. Ine sandimvera. Munandisiya ndekha ndi anthu atatu."

Ndinadula foni. Inalira kanayi, sindinayankhe.

Anatitulutsa chakumasana. Ulendo wotsalawo ndilibe zambiri zonena. Tinawoloka mlatho wa Zambezi, tinadutsa Moatize ndi fumbi lake la malasha, tinakwera mapiri mpaka pa Zobue. Mapepala onse anali m'manja tsopano, ndipo pa Mwanza sitinachedwe. Kawiri konse Hawa atalira, a Yusufu anapatuka okha n'kuima pansi pa mtengo, ine ndisanapemphe. Ankatuluka n'kukaima patali, atatipatsa msana, mpaka nditamaliza kuyamwitsa. Panjira anthu ankaimika galimoto, iwo osayang'anako. Apongozi sanadye chilichonse kuchokera ku Tete. Ndinkaona mapewa awo okha, ndi mpango wawo umene unali ndi dontho la magazi, kaya awo kaya a Hawa.

Tinalowa m'mudzi wa ku Balaka dzuwa likufiira. Madala anali atawatulutsa pakhonde, atawatsamiritsa kukhoma ndi mapilo. Anali atatha, mikono ngati bango, koma maso anali amoyo. Anamwalira patangopita milungu itatu, ndipo ndimathokoza kuti anamuona mdzukulu wawo. Abale anali atadzaza pabwalo: alongo awo, azilamu, ana a m'mudzi. Ndinagwada, ndinamukhazika Hawa pamphasa pafupi nawo. Mphamvu zomunyamulira analibe, ndiye anangomugwira kaphazi n'kumanong'ona mapemphero. Kenako anaona bandeji ya pamphumi ndi kadzanja komangidwa.

"Mwanayu watani?"

A Yusufu anafulumira. "Ng'ombe za ku Mozambiki, bambo. Zinangolowa mumsewu. Koma Mulungu ndi wamkulu, tapulumuka tonse."

Anthu anavomereza, ena anati ng'ombe za kumeneko n'zosaweta, wina anayamba kale kufotokoza za ngozi imene anaionapo pa Zalewa. Nkhani inali ikutsekedwa ndikuona, mwaulemu, mwamtendere, ngati mmene nkhani zonse za m'banja zimatsekedwera. Ndinali mlendo pamudzipo, mtengwa amene anali asanamwe ndi madzi omwe. Ndinkadziwa zimene zimayembekezeka kwa ine.

"Si ng'ombe, bambo," ndinatero.

Uja wa nkhani ya pa Zalewa anaisiyira panjira.

Ndinafotokoza ndili chogwada, osakweza mawu. Ndinanena za kampando ndi ntchito yake. Ndinanena kuti ndinapempha kuti tiime ndiyamwitse ndipo anandikaniza. Ndinanena kuti mwana anatulutsidwa ine ndili mtulo, kuti nditadzuka ndinapempha kawiri kuti galimoto iime, ndi kuti galimotoyo sinagunde chilichonse. Mayi wina kumbuyo anatsokomola mondichenjeza. Ndinapitiriza mpaka kumapeto.

Madala anandiyang'ana. "Mwanena zonse, mwana wanga?"

"Chatsala chimodzi. Nanenso ndinagona, ndikudziwa anthu amene ndinali nawo."

Anatembenuza mutu pang'onopang'ono. A Yusufu anali atayang'ana makiyi m'manja mwawo. Madala anawadutsa n'kuimika maso pa akazi awo, amene anakhala kumapeto kwa mphasa.

"Abiti Saidi, n'zoona zimenezi?"

Apongozi anayesa kulankhula ndi mlomo wotupawo.

"Ndinam'gwira," anatero. "Ndinam'gwira ndi mphamvu zanga zonse, Mulungu ndi mboni. Sindikudziwa kuti anachoka bwanji. Ndipo adokotala aja ndinawamva. Ndine ndinam'thyola mwanayu, ndi chifuwa changachi."

Anafunditsa nkhope ndi mpango n'kuyamba kulira, kulira kwa munthu wamkulu kumene kumachititsa aliyense kuyang'ana pansi. Alongo a madala anawagwira paphewa. Kenako maso onse anabwera kwa ine, a madala, a a Yusufu, a azimayi onse aja. Ndinkadziwa chimene ankadikira. Ankafuna ndinene kuti palibe kanthu, amayi, zinangochitika.

Ndinadzuka, ndinapita pamtsuko, ndinatunga madzi m'kapu. Ndinagwada pamaso pawo n'kuwagwirira kapuyo mpaka anamwa. Ndinawapukuta pachibwano ndi nsonga ya chitenje changa. Koma mawu ajawo sindinawanene, ndipo mpaka lero sindinawanene.